Alamu, Ndinagula Kaiti

Dunoon,
Cape Town,
9 February

Okondedwa alamu,

Choyamba ndimve za moyo wanu, wa achemwali anga ndi wa ana onse pa Senga Bay. Kunena ine ndili bwino, kungoti khungu la pabondo lamanzere ndi la pachigongono ndinalisiya pamchenga wa ku Blouberg ndipo mpaka lero silinabwerere. Musadzidzimuke, palibe wandimenya. Ndinazichita ndekha, ndi ndalama zanga zomwe.

Ndikudziwa kuti mwakhala mukuyang'ana pafoni kudikira uthenga wa Mukuru wa ndalama ya ukonde ija. Yachedwa, ndipo chifukwa chake ndi ichi: ndinagula kaiti. Mwawerenga bwino, maso anu sanakalambe. Khalani pansi kaye, achemwali akupatseni madzi akumwa.

Mukukumbukira makaiti tinkapanga tili ana aja, a jumbo ya shuga, timapesi tiwiri ndi ulusi wosolola pa thumba la feteleza? Kuno kaiti ndi ya anthu a ndevu zawo, ena a imvi. Munthu amamanga chilamba m'chiuno, kaiti ili m'mwamba pa zingwe zinayi zotalika mamita 22 kapena 24, kumapazi kathabwa, basi mphepo n'kumamukoka pamwamba pa madzi. Nkhafi palibe, petulo palibe. Inu amene mumalira ndi mtengo wa mafuta a injini tsiku ndi tsiku mukanaona mukanagwetsa misozi.

Mphepo yake ndiye ilipo. Kuyambira November mpaka March kumawomba ya kum'mwera chakum'mawa imene eni dziko amaitcha Cape Doctor, ati imasesa utsi mumzinda. Ine ndimangoti mwera, koma mwera wodya katatu patsiku. Ukaona mtambo wayala pamwamba pa Table Mountain ngati nsalu ya pathebulo, dziwa kuti zovala unayanika zija ukazitola kwa aneba a mzere wachitatu. Nyengo imeneyi azungu a ku Germany ndi ku Holland amathawa chisanu kwawo n'kudzadza nyumba ya alendo imene ndimagwirako ntchito ku Table View. Ine anandilemba ya maluwa ndi dziwe losambira, koma poti Mmalawi sadziwa kukana, ndinasanduka wotsuka makaiti, wopopa mpweya, wosongolola zingwe zikapiringizana. Kenaka ndinakaonera mpikisano wa Red Bull King of the Air, umene wakhala ukuchitikira kuno kuyambira 2013. Alamu, munthu wobadwa kwa mayi ngati ine ndi inu kudumpha mamita oposa 20 m'mwamba, kutembenuka ngati nsomba pa moto, n'kutera bwinobwino, tsitsi lokha kunyowa. Mtima unandiuza kuti: iwe unayamba kupalasa bwato usanayambe sitandade 1, anthu obadwira m'fulati akuposa bwanji pa madzi?

Mtima umenewo ndi womwe unandiuzanso kale kuti ndiyambe geni ya nkhumba. Mukudziwa mmene inathera.

Yatsopano sindinaiyerekeze n'komwe, mtengo wake umapitirira R20,000, kaiti yokhayokha. Ndinapeza mkulu wina pa intaneti amene ankagulitsa ziwiri zakale, iliyonse R2,500. Pa nsonga ya kaiti iliyonse pamakhala nambala. Ina inalembedwa 7, ina 14. Nambala imeneyi ndi kukula kwa nsalu yake m'masikweya mita. Kuti mumvetse, chipinda chimene ndimachita lendi ku Dunoon ndi mamita atatu uku, atatu uku, ndiye kuti 9. Kaiti ya 14 ikhoza kufolera chipinda changa n'kutsalako ya khonde.

Tsono ndikufunseni, inu munthu wodziwa msika. Mwafika pa kaunjika, mabulangete awiri mtengo umodzi, lina la mwana lina la banja, mutenga liti? Amayi ankatigulira yunifolomu yofika m'maondo ati tikuliramo, ndipo tinakuliramodi. Ndinaloza ya 14. Mkulu uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo wake sunali wautali, n'kufunsa kuti ndimalemera makilogalamu angati. Apa ndiye pamene ndinachimwira. Ndinati 80. Alamu, ine ndi 58, titaphatikiza nsapato, foni ndi makiyi a abwana. Koma mwamuna angatchule 58 pamaso pa mwamuna mnzake? Anapukusa mutu, koma ndalama anawerenga.

Loweruka lotsatira ndinatenga mnzanga wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito yotsuka magalimoto, uyonso wodzitama ndi nyanja. Tinasankha malo apatali pang'ono kuti azungu asatibere nzeru. Mphepo tsiku limenelo inkawaza mchenga m'miyendo ngati singano. Tinaona kuti aliyense wakweza timakaiti ting'onoting'ono, ife n'kumaseka kuti anthu olemera chonchi koma kuumira. Tinapopa chinthu chathu mpaka thukuta. Mnzanga anachigwira kunsonga, ine ndinakola chingwe pa lamba, ndinakweza chala. Chakumanja ndinaona mayi wina akuthamangira kwa ife, akukupiza manja, akukuwa. Ndinayesa akutichemerera. Ndinamubayibitsa.

Zotsatira zake ndinazimva kwa mnzangayo, chifukwa ine ndinali wotanganidwa. Akuti mapazi anga anachoka pansi ngati nkhuku yotengedwa ndi kabawi, ndinatera chamimba, n'kuyamba ulendo. Ndinalima mzere wowongoka bwino pamchenga, woti mukanadzalamo chinangwa. Tsono apa pali chinthu chimene palibe anandiuza. Kamtengo kamene umagwira m'manja, amakatcha bala, ukakakokera kwa iwe kaiti imawonjezera mphamvu, ukakasiya imafooka. Koma ife a kunyanja tinaphunzira kuti bwato likagwedezeka umagwiritsa. Ndiye ine ndinakakumbatira pachifuwa ngati mwana wobadwa kumene, kwinaku ndikuitana amayi, agogo ndi anthu ena amene anamwalira kalekale. Chinandiimitsa ndi chitsamba cha pa mulu wa mchenga. Kaiti inagwera patsogolo, mayi uja anailumphira n'kuikhalira. Mnzanga wa ku Mangochi anafika pomalizira, atanyamula nsapato yanga imodzi mwaulemu ngati wanyamula nkhata ya maliro.

Mayiyo ndi mphunzitsi wa masewerawa. Atatsimikiza kuti mafupa onse ali m'malo, anandikalipira kwa mphindi khumi osapuma, ndipo ndinamva kukoma chifukwa ndinakumbuka kwathu. Kenaka anandikhazika pansi n'kuyamba kujambula pamchenga ndi chala.

Akuti kaiti sasankhira mtengo, sasankhira mtundu, sasankhira ulemu wako pamudzi. Amaona zinthu ziwiri: thupi lako pa sikelo, ndi mphepo ya kumene uzikaseweretsa. Mphepo ikakula, kaiti ichepe. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yokoka imawirikiza kanayi, osati kawiri. Iwo amayeza mphepo ndi muyezo wa amalinyero wotchedwa knot. Ma knot 20 ndi pafupifupi makilomita 37 pa ola. Munthu wa makilogalamu 75 kapena 80 amakweza ya 12 mphepo ikakhala yofatsa, ya ma knot 12 mpaka 20. Ikapitirira apo amatsikira pa 9, ikalusa ngati mmene imachitira kuno madzulo a January amatenga 7. Wopepuka ngati ine amatsika sitepe ina: 9 tsiku lofatsa, 7 masiku ambiri. Tsiku limene ndinalima mzere lija mphepo inkayandikira ma knot 30, zimphona zenizeni zinali pa 7 ndi 8, ine kamunthu ka 58 ndili pa 14. Anati ndithokoze chitsamba.

N'chifukwa chake anthuwa amayenda ndi makaiti awiri kapena atatu m'galimoto. Ndi mitala, alamu. Umadzuka m'mawa, kuyang'ana kunja mmene kwachera, n'kusankha kuti lero ndikhala kwa uyu. Ndipo monga mitala ina iliyonse, thumba ndi limene limalira.

Kukula sikunali vuto lokhalo. Anaitambasula kaiti yanga n'kunena kuti ndi ya mtundu wakale, wopindika ngati chilembo C, umene sudziwa kufooka ngakhale usiye bala. Cha m'ma 2005 ndi 2006 kunabwera mitundu ina yotambalala, imene amaitcha bow, kenaka delta. Imeneyi ukangosiya bala imataya mphepo, ndipo ikagwera m'madzi umakoka chingwe chimodzi n'kudzukanso. Wophunzira amafunika yotereyo, poti kaiti ya wophunzira imakhala m'madzi nthawi yambiri kuposa m'mwamba. Anandionetsanso kachinthu kofiira pafupi ndi mchombo kamene umakankha zinthu zikavuta kuti kaiti ikuleke. Kanga kanali kouma ndi mchere, sikakanatseguka ngakhale ndi hamala. Anandigwiritsa nsalu yake. Akuti yabwino imalira khwakhwa ngati ndalama yapepala yatsopano. Yanga inali yofewa ngati chitenje cha chipani chimene chinaluza zisankho zitatu zapitazo. Pogula yakale, akuti, uipope n'kuisiya ola lathunthu. Ikafota, mwini wake abwerere nayo. Yanga inali itafota kale tisanamalize kulankhula.

Ndipo mawu amene anandipweteka kuposa bondo ndi awa: wophunzira sagula kaiti poyamba. Sukulu zake zimabwereketsa zonse, umayesa masaizi osiyanasiyana, ndiye umagula utadziwa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya mchenga.

Tinagwirizana kuti ndizimutsukira katundu wa sukulu yake Lamlungu, iye azindiphunzitsa. Amapita nane ku Langebaan, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Cape Town pa msewu wa R27, kumene nyanja inalowa kumtunda n'kupanga thamanda lalikulu lopanda mafunde, madzi olekeza m'chiuno. Malo ake enieni amawatcha Shark Bay. Nditamva dzinalo ndinati ndidikira m'galimoto, koma akuti nsomba zake ndi zing'onozing'ono zogona pamchenga, sizidya munthu. Ndimapondabe mosamala.

Tsiku loyamba anandipatsa kakaiti ka masikweya mita awiri, pamtunda, pafupi ndi kamtsikana ka zaka ngati khumi kamene kankandilangiza mwachifundo. Bambo wa ana atatu, wokhoma lendi, kulangizidwa ndi mwana wa mano ogweluka. Amaphunzitsa ngati wotchi: pamwamba pa mutu ndi 12 koloko, pamenepo kaiti imangoima phee, ukaitsitsira cha ku 10 kapena ku 2 imayamba kukoka, ukaidutsitsa pakati, kutsogolo kwako, ndiye mzere wa chinangwa uja. Kenaka umalowa m'madzi wopanda thabwa, kaiti n'kumakukoka chamimba. Ndamwa madzi amchere okwana kusungira usipa wa chaka chonse.

Za kuzizira ndisanene zambiri. Ku Blouberg madzi amatha kutsika kufika madigiri 13 dzuwa lili phwee, moti umavala chovala cha labala chothina thupi lonse. Ine ndinachivala chakumbuyo, zipi kutsogolo ngati ovolosi, ndipo palibe anandiuza mpaka masana. Lamulo lina mulidziwa kale inu asodzi: mphepo ikamachokera kumtunda kupita pakati pa nyanja, usalowe. Pamene timaima pa Blouberg chilumba cha Robben Island chimaoneka poteropo. Mandela anakhalako zaka 18, ine sindikufuna kukafikako chamimba ndilibe ndi pasipoti yomwe.

Pamalo amodzi pokha nzeru ya amayi ya yunifolomu inagwira ntchito: thabwa. Wophunzira amafunika lalikulu ndi lotambalala kuti lisamire msanga. Ndinamuuza mphunzitsi kuti mwaona, kwathu sitinama zonse.

Pano ndili ndi ya 7, ya delta, yakale zaka zisanu, imene mlendo wina anandisiyira pobwerera kwawo kuti ndizilipira pang'onopang'ono. Imalira khwakhwa. Sabata yatha ndinaimirira pa thabwa n'kuyenda mpaka ndinawerenga kufika 11, ndiye ndinatembenuka kuti ndione ngati anthu akundiona. Anandiona.

Ndalama ya ukonde ibwera mwezi ukatha, ndalumbira. Ya 14 ija ndaipereka kwa wa thiransipoti pamodzi ndi bulangete la amayi ndi mapoto a achemwali. Muzifunditsira usipa pa thandala mvula ikabwera, kapena muzibwereketsa pa zinkhoswe ngati tenti, K5,000 patsiku, theka langa. Zingwe ndachotsa dala. Ana asaitambasule mwera ukayamba, makamaka kachitsiriza kanu kaja, kangakatere ku Nkhotakota. Amayi mukawauze kuti bondo ndinavulala pa mpira.

Moni kwa onse, ndi kwa abusa.

Ine mlamu wanu wa ku Joni.

Ndinaiwala. Ndikuganiza zobwera mu July, nthawi ya mwera, ndi ya 7 yanga. Mukadziyeze kulemera kwanu mundiuze, koma osati pa sikelo ya mavenda a chimanga, ija imadya makilogalamu. Mmene ndinaionera mimba yanu pa chithunzi cha Khirisimasi, mwina ndisunge zingwe zija. Ya 14 ikhoza kukhala saizi yanu.