Mapanga Awiri a pa Lizulu

Akale anati mapanga awiri avumbwitsa. Ankanena za munthu amene mvula yamupeza m'phiri, n'kumathamangira phanga ili, kenako ilo, mpaka kunyowa ali pakati. Sankadziwa kuti mwambi wawo udzakwera galimoto pa msewu wa M1.

Kuchokera ku Dedza kutsetserekera ku Ntcheu, msewuwu umayenda m'malire enieni. Pa Lizulu mutha kugula kabichi ku Malawi, n'kuwoloka phula kukasaka chenje ku Mozambique. Netiweki nayo siifunsidwa pasipoti. Uku TNM ndi Airtel akuitana, uko Movitel ndi Vodacom akukodola, foni ili pakati, ikusinkhasinkha kolowera. Timizere ta netiweki pa foni timatha kamodzikamodzi, ndipo amene mumakambirana naye mtengo wa kachewere amangotsala ndi "Halo? Halo? Mukuduladula!"

Apa ndi pomwe adalaivala athu amasanduka asing'anga. Wina amamenya dashibodi. Wina amachotsa simu, kuipukuta pa malaya, kuiuzira mpweya. Wina amatulutsa dzanja pawindo, foni ili m'mwamba, chiwongolero atachisiyira Mulungu.

Dashibodiyo mukungoilakwira, bambo. Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu zilibe simu yakeyake. Kasikirini ka pa dashibodi kamangobwereka foni yanu kudzera pa Bluetooth, ndiye foni ikavumbwa, galimoto imavumbwira limodzi. Komanso galimotoyo ili ndi mavuto ake: imalankhulabe Chijapani, ndipo wailesi yake inazolowera kusaka pakati pa 76 ndi 90, pomwe mawailesi athu ambiri ali pamwamba pa pamenepo. Mlendo wotereyu mungamufunse njira ya ku Tsangano?

Mankhwala ake ndi osalira ndalama. Lowani mu foni, pomwe imadzisankhira yokha netiweki, muilande ufulu umenewo, muisankhire kampani yanu yakuno. Isiyeni poyera, osati pansi pa mpando pamodzi ndi jeke. Pomwe phiri latchinga, palibe batani lochotsa phiri. Yendani, mukakwera mtunda muimbanso.

Koma musafulumire kukonza musanaganize bwino. Foni ya m'galimoto ilibe chinsinsi: imalankhulira m'masipika onse, mpaka agogo okhala kumbuyo ndi nkhuku yawo amamva. Taganizani bambo wina akuyandikira Biriwiri, mayi a kunyumba ali pambali, netiweki yangobwerera kumene ndi mphamvu zake zonse. Pa kasikirini patuluka dzina loti "Makaniko". Mayi, pofuna kuthandiza amuna awo amene manja ali pa chiwongolero, adina kobiriwira. Makaniko uja, ndi mawu a nthetemya, afunsa ngati tomato wake wagulidwa.

Bamboyo ayang'ana phiri, ayang'ana ku Mozambique, kupempha Movitel kuti ailande foniyo msanga. Timizere tonse tili chilili.