Maso a Nkhono mu Mzinda wa London

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, ndipo palibe mzinda umene umayesa mwambiwu ngati London, makamaka kwa mlendo amene wafika ndi chidwi chachikulu koma thumba lobooka. Maso a nkhono amakhala kunsonga kwa tinyanga take, ndipo ikangomva kugwedezeka imatibweza m'kati, woigwedezayo n'kutsala akuyang'ana chigoba. London nayo ili ndi khalidwe lomweli. Waphuma imamuonetsa mitengo ya matikiti, pamene wodekha imamutulutsira zaulere pang'onopang'ono. Sikuti wodekhayo salipira ayi. Amalipira ndithu, koma ndalama yake ndi nthawi, mapazi ndi kuima pamzere.

Mayeso oyamba ali pa mayendedwe. Sitima zapansi pa nthaka za mu London zinayamba mu 1863, zoyamba pa dziko lonse, ndipo zimathamanga bwino, kungoti zimadya ndalama ndipo pansipo palibe choona kupatula nkhope za anthu amene akuyesetsa kusayang'anana. Mlendo waphuma amakwera sitima kuchoka pa Leicester Square kupita pa Covent Garden, mtunda wosakwana mamita 300, n'kutha nthawi yambiri akutsika ndi kukwera kusiyana ndi amene wangoyenda wapansi. Wodekha amakwera basi yofiira yosanja. Mu 2024 ulendo umodzi unali mapaundi 1.75, ndipo kuyambira mu 2016 munthu akasintha basi ola lisanathe salipiranso. Ndalama zapamanja anasiya kulandira mu 2014. Amalipira pogunditsa khadi la Oyster kapena la kubanki pa kamakina, ndipo kamakinako sikamva nkhani ya kuperewera kwa ndalama ngakhale ifotokozedwe mwaulemu chotani.

Basi nambala 15 imanyamuka chapafupi ndi Trafalgar Square, kudutsa pa tchalitchi chachikulu cha St Paul's, mpaka ku Tower of London. Mabasi opanda denga a alendo amadutsanso momwemo pa mtengo wopitirira mapaundi 30, ndipo onse amakakamira pa mdipiti womwewo wa magalimoto. Kusiyana kwake n'kwakuti m'basi yodulayo muli mawu ofotokoza mbiri ya mzinda, pamene m'basi nambala 15 munthu amamva mbiri ya banja la mnzake amene akukangana pafoni. Mpando wofunika ndi wam'mwamba kutsogolo, ndipo amaupeza ndi amene walola basi yodzaza kuti idutse.

Kumene mwambiwu umabala zipatso zenizeni ndi ku nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zojambula. British Museum, imene inatsegulidwa mu 1759, siilipitsa pakhomo, chimodzimodzinso National Gallery, Tate Modern ndi Natural History Museum. Kuyambira mu Disembala 2001, nyumba zikuluzikulu za boma zoterezi n'zaulere, kupatula zionetsero zapadera. Pakhomo pamakhala bokosi loonekera m'kati la zopereka zaufulu, ndipo mlendo wathu akafika pamenepo amachita chidwi mwadzidzidzi ndi kamangidwe ka denga. Ngati chikumbumtima chikumuvuta, angadzitonthoze poona mu British Museum ziboliboli zamkuwa zimene asilikali a Britain anatenga ku Benin mu 1897: pali alendo ena amene makolo awo anawalipirira kale khomo. Mwala wa Rosetta, umene unathandiza akatswiri kuwerenga zolemba zakale za ku Egypt, uli m'nyumbamo kuyambira 1802, koma wofika masana amangoona nkhalango ya mafoni atakwezedwa m'mwamba. Aime pambali, gulu lotsatira kambendera lidutse, ndipo kwa kamphindi mwalawo ukhala wake yekha. Msampha uli potuluka, pamene pali sitolo yogulitsa makapu ndi timatumba tojambulidwa zinthu zomwezo zimene waona kwaulere.

Mzindawu nawonso umakudziwa kuperewedwa. Pa Trafalgar Square pali nsanamira zinayi zoikapo ziboliboli. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti paikidwe chiboliboli cha Mfumu William IV, koma ndalama zinatha, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Masiku ano amaikapo ntchito za amisiri mosinthanasinthana. Kuyambira mu Seputembala 2022 mpaka 2024 panaima John Chilembwe, wopangidwa ndi Samson Kambalu, atavala chipewa pafupi ndi mmishonale John Chorley monga pa chithunzi cha mu 1914, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Mmalawi amene anafika m'zaka zimenezo ndi Chilembwe wa pa K2,000 m'thumba anapeza kuti wapapepalayo sangamugulire tiyi mu London, koma wamkuwayo ankaoneka popanda kulipira kobiri.

Ku Westminster Abbey, kumene anaika thupi la David Livingstone mu 1874 mtima wake utatsala kwa Chitambo ku Zambia, mlendo amalipira pafupifupi mapaundi 30. Wopembedza salipira. Masiku ambiri m'kati mwa sabata pamakhala mapemphero amadzulo oimba cha m'ma 5 koloko, ndipo pamzere wake pamapezeka anthu a zikwama zoberekera amene chikhristu chawo chatsitsimuka atangowerenga mtengo wa tikiti. Sawalola kuyendayenda kapena kujambula, koma amakhala pansi, kumva kwaya, ndi kuona denga limene ena alipirira. Zoti kulapa kwawo n'koona kapena ayi ndi nkhani ya iwo ndi Mlengi wawo.

Pali malo ena amene mwambiwu umanama pang'ono. Mwambo wosinthana asilikali olondera ku Buckingham Palace ndi waulere, umachitika cha m'ma 11 koloko m'mawa pa masiku oikika, ndipo wofuna malo abwino amafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Koma ngati ndi wamfupi, kudekha kwake konse kumamuonetsa nkhongo ya mlendo mnzake ndi nsonga za zipewa zazitali zaubweya zikudutsa. Mvula ikachuluka amatha kuwulepheretseratu mwambowo, osapepesa aliyense. Mlatho wa Tower Bridge, wa mu 1894, ndi wachilungamo kuposa pamenepa: nthawi zimene umatseguka kuti zombo zidutse zimalembedwa pa intaneti, ndipo wamfupi ndi wamtali amaona mofanana.

Kuona mzinda kuchokera pamwamba kuli ndi njira ziwiri. Gudumu la London Eye, lotalika mamita 135, limazungulira kwa theka la ola pa mtengo wa chakudya cha masiku angapo. Sky Garden, munda wa pamwamba pa nyumba ya pa 20 Fenchurch Street, ndi waulere, koma malo amasungitsa pa intaneti masabata angapo tsikulo lisanafike. Woiwala kusungitsa akwere Primrose Hill kapena phiri la ku Greenwich Park ndi miyendo yake. Ku Greenwich, mzere wogawa dziko kum'mawa ndi kumadzulo amaulipiritsa m'bwalo la Royal Observatory, koma mzere sudziwa mpanda: umapitirira kunja, kumene munthu angaupondere mwendo uku mwendo uku kwaulere.

Za mimba mwambiwu sunanenepo kanthu, koma masitolo akuluakulu a zakudya anaumalizitsa. Masana amagulitsa sangweji, chakumwa ndi kachakudya kena pamodzi pa mapaundi pafupifupi 4. Madzulo wantchito amayenda ndi kamakina komata timapepala tachikasu pa zakudya zotsala pang'ono kutha nthawi, ndipo pambuyo pake pamatsatira anthu aulemu wawo akunamizira kuwerenga zolemba za pa botolo la mkaka. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ndipo malo ogulitsa mowa amakakamizidwa ndi lamulo kuwapereka kwaulere kwa kasitomala wopempha. Zimbudzi za m'masiteshoni akuluakulu a sitima monga King's Cross zinakhala zaulere mu 2019, nkhani imene siilembedwa pa zithunzi zokopa alendo koma imasangalatsa kuposa nyumba yachifumu ikafika nthawi yake.

Povuta penipeni ndi pogona. Nkhono imadekha chifukwa nyumba yake ili pamsana, pamene mlendo akachulukitsa kudekha amachulukitsanso mausiku olipira. Zipinda zotchipa ndi za mabedi osanjikizana, mogona anthu a mitundu yosiyanasiyana amene onse amaliza mkonono m'chilankhulo chimodzi. Malo akutali ndi pakati pa mzinda amatsika mtengo, koma sitima imalipiritsa potengera zigawo zimene yadutsa, choncho zimene wapulumutsa pa bedi amakazisiya pa geti la siteshoni. Amene ali ndi wachibale mu mzindawu ali ndi mwayi wa sofa, bola akumbukire kuti mwininyumba nayenso amadziwa mwambi wina, wakuti mlendo ndi mame.

Nyengo imasinthanso masamu onsewa. Mu Juni dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, choncho woyenda wapansi amaona zambiri, koma mizere imatalika ndipo malo ogona amakwera mtengo. Mu Januwale mitengo imatsika ndipo mizere imafupika, koma mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo ndipo kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Nyengo iliyonse, ndalama imene siyenera kuumiridwa pa ulendo wotere ndi ya nsapato zolimba ndi jekete losalowa madzi.