Chiponde, Mlonda wa Pakamwa pa Alendo

Kuno ku Kasungu ulemu wonse timaupereka kwa fodya. Timamuthirira kunazale dzuwa la Okutobala likuwotcha msana, timamumangira zigafa, kenako timamuperekeza palole mpaka kumsika wa ku Chinkhoma ngati mkwatibwi. Koma mlendo akati "Odi kuno!", fodya amangoti zii m'belo mwake. Amene amatuluka kukatichotsa manyazi ndi chiponde, mwana wa mtedza uja timaudzala m'munda umene fodya wautopetsa.

Taonani kubadwa kwake kwaulemerero. Mtedza umakazingidwa paphale, uli thetheee, kufikira mwana wotakasa atapsa chala. Umapukusidwa, nupepetedwa m'lichero, makoko n'kukalowa m'maso mwa nkhuku. Ukatero umatsikira mumtondo pamodzi ndi kamchere. Munsi umagunda, mtedza n'kukhala ufa. Umagundabe, ufa n'kutuluka thukuta la mafuta, mpaka munsi womwewo utagwidwa, wosafunanso kukwera. Akuluakulu amalumbirira mtedza wa Chalimbana wa maso akuluakulu, achinyamata amakonda CG7 wofiira uja wa mafuta ambiri, koma mtondo sufunsa chitupa.

Azungu amati akalandira alendo amapaka tchizi pabuledi. Chinthu chake n'chamanyazi: magetsi akangothima chimayamba kulira ndi kununkha. Chiponde sichidziwa filiji. Chimagona m'kabotolo pawindo sabata ndi sabata, mafuta pamwamba, mwala pansi, ndipo supuni imene yapita kukachidzutsa imabwerako itapindika khosi.

Koma ukulu wake weniweni umaoneka pamphasa. Msika wa fodya ukatsegulidwa, abale amene sanaoneke nthawi ya nazale amakumbukira njira. Afika atsibweni, nkhope ili ndi nkhani ya ngongole. Inu musanene kanthu. Apatseni mbatata yootcha, mupakepo chiponde chokhuthala ngati dothi lomatira nkhokwe, tiyi achedwe pang'ono kukhitchini. Kuluma koyamba, lilime lamatirira kumwamba. Atsibweni ayesa kuti "Mphwanga, mabelo aja...", koma chotuluka ndi "Mmm, mmm." Inu muvomere mwaulemu: "Indedi atsibweni, chaka chino mvula inavuta." Ndi loya uti angatseke mlandu mofulumira chotero, wotsutsa n'kuchoka akuthokoza?

Ena amachinena chiponde kuti chimatsamwitsa, chimadetsa malaya a kutchalitchi, chimaitana nyerere za mudzi wonse. Nsanje chabe. Mfumu iti imayenda yopanda anthu pambuyo? Ena amatchula chuku, poizoni wa mtedza wosauma bwino. Mlandu umenewo ngwa amene amawaza madzi pamtedza kuti usavute kuswa. Chiponde sichinapemphe kusamba.

Ndipo amene akuchiderera apite kuchipatala. Mu 1996 dokotala wa ku France, André Briend, anathandiza kupanga phala la mtedza wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, lochiritsa ana onyentchera. Kunja amati Plumpy'Nut. Amayi athu atalawa m'kapaketi anangoti, "Ichi n'chiponde," ndipo dzina ndi lomwelo mpaka lero. Fodya, ndi madola ake onse, sananenepetsepo mwana m'modzi mwa kumulowa m'kamwa.

Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chiponde mphepo sichiiwopa: chikakhala pachala chimakhala mpaka mawa. Mlendo ndi mame, inde, koma wathu amakamuka asanatchule ngongole, akusuntha chibwano njira yonse ya ku Santhe.