Walira Mvula Walira Matope: Phunziro la Mlamba wa ku Chilwa

Makolo anapeka mwambi wakuti walira mvula walira matope pofuna kukumbutsa munthu kuti chabwino chilichonse chimadza ndi zovuta zake, koma zikuoneka kuti mwa zamoyo zonse za m'boma la Machinga, munthu yekha ndiye amafunika kukumbutsidwa, pakuti nsomba, achule ndi mitengo zinavomereza chiphunzitsochi kalekale ngakhale sizinakhalepo pamphala. Pa Nsanama, m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, mvula ikachedwa anthu amasonkhana m'misikiti ndi m'matchalitchi kuti aipemphe, koma ikangogwa masiku atatu otsatizana, omwe aja ankaipempha ndiwo amayamba kudandaula kuti akabaza akweza mtengo, nsapato zatha ndipo feteleza wakokoloka.

Akatswiri a zamoyo akamanena za kusinthasintha kwa malo okhala, amatanthauza kuti madzi, kutentha ndi mchere sizikhala pa mlingo umodzi chaka ndi chaka, ndipo chitsanzo chomveka bwino cha khalidweli ndi nyanja ya Chilwa, imene Machinga imagawana ndi Zomba komanso Phalombe. Nyanjayi ndi yosaya ndipo imalandira madzi kuchokera ku mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, koma ilibe mtsinje wotulutsira madziwo, kotero dzuwa ndilo limatunga, ndipo likamatunga limasiya mchere. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndipo nthawi zonsezi inabwereranso popanda kupepesa kwa aliyense. Kuphwa kwa 1968 kunaonedwa bwino ndi akatswiri a Yunivesite ya Malawi, amene zopeza zawo zinasindikizidwa m'buku mu 1979 motsogozedwa ndi Margaret Kalk.

Nsomba zitatu zimene asodzi amadalira kwambiri, zomwe ndi matemba, makumba ndi mlamba, zili ndi njira zosiyana zokumanira ndi tsokali. Madzi akamachepa, mchere umachuluka ndipo mpweya wa m'madzi umachepa, motero matemba ndi makumba ambiri amafa, pamene otsala amathawira m'mitsinje n'kukabisala m'maiwe akuya, kumene amadikira mpaka nyanja itadzazanso kuti akaswane. Mlamba ndiwo umatsala mpaka kumapeto, chifukwa m'mutu mwake muli kachiwalo kapadera kamene kamautheketsa kupuma mpweya wa kunja, kotero umatha kukhala m'thope lochepa madzi, ndiponso kukwawa pa nthaka yonyowa kufuna dziwe lina. Palibe umboni wosonyeza kuti mlamba unayamba waimbapo foni ku wailesi kufunsa chimene boma likuchita pa nkhaniyi.

Mphunzitsi wamkulu wa mwambiwu ndi kansomba kakang'ono kamene akatswiri amakatcha Nothobranchius kirki, komwe kamakhala m'zithaphwi za nyengo ya dzinja m'chigwa cha Chilwa. Kansombaka kamadziwa kuti kwawo kudzauma pakangopita miyezi yochepa, choncho kamakula msanga, kamaikira mazira m'thope, kenako kamafa chithaphwi chikauma. M'kati mwa dzira, mwana amaima kukula ndipo amangokhala chete m'dothi louma mpaka mvula yotsatira itagwa, khalidwe limene pa sayansi limatchedwa diapause, kutanthauza kuimikira dala kakulidwe mpaka nyengo itakhala bwino. Zotsatira zake n'zakuti m'fuko limeneli kholo silionana ndi mwana wake, palibe mwinimbumba, palibe milandu ya chuma cha masiye, ndipo cholowa chokha chimene mbadwo umasiyira unzake ndi matope omwe aja munthu amawatukwana akamatsika minibasi.

Kutsidya kwa Shire, m'boma la Balaka kumene mvula imakonda kuvuta, mitengo ili ndi mwambo womwewo. Mlambe umayoyola masamba m'chilimwe n'kusunga madzi m'thunthu lake, pamene tsanya amapinda masamba ake dzuwa likaswa mtengo kuti asataye chinyezi, ndipo yonseyi imakonzekera chaka choipa ngati chinthu chimene chidzafika ndithu.

Munthu wamakono yekha ndiye amakonzekera chaka chapakatikati, chimene mvula yake imayamba pa nthawi, imagwa usiku wokhawokha ndi kuleka chimanga chikacha, ngakhale chaka choterocho chimapezeka kwambiri m'mabuku a owerengera kusiyana ndi m'minda. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, Machinga n'kukhala limodzi mwa maboma okhudzidwa, ndipo patangopita chaka chimodzi, mu Marichi 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ngakhale zili choncho, mlimi amene agogo ake ankadzala mapira, chinangwa ndi nandolo m'munda umodzi kuti china chikakana china chivomere, lero amatha kuika chiyembekezo chake chonse pa chimanga, n'kumayang'ana uthenga wa zanyengo pafoni kawirikawiri kuposa mmene amayang'anira mizere yake.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti cholengedwa chimene chimadana ndi matope kuposa zonse ndicho chimapanga matope ambiri. Thumba lililonse la makala lochokera m'mapiri a Chikala limasiya nthaka pamtunda, mvula imaikokolola n'kukaithira m'mitsinje, ndipo maiwe amene matemba ndi makumba amathawirako amakwiririka, pamene nsomba zotsalazo zimaseseredwa ndi maneti a udzudzu amene anagawidwa kuti ateteze ana ku malungo. Nyanja ya Chilwa inalowa m'kaundula wa Ramsar, womwe ndi mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, koma kaundula sakumba dziwe. Kupirira kwa zamoyozi kuli ndi malire, pakuti kunakula pang'onopang'ono poyankha dzuwa, mchere ndi ng'amba, ndipo ngakhale mlamba unapeza njira yopumira kunja kwa madzi, chilengedwe sichinaupatsebe chiwalo chopulumukira m'neti ya udzudzu.