Ufa ndi wanu, koma mugule

Pa malonda onse, a magazini a akatswiri ofufuza ndiwo amandigometsa. Katswiri amalemba zimene wapeza osalandira kanthu. Anzake amaziunika, nawonso ulele. Kenako wosindikiza amaziika pa intaneti n'kukhoma chitseko: mukadina mumangoona mutu ndi chidule, m'munsi mwake kabatani kofuna madola. Ngakhale laibulale ya payunivesite ya mlembiyo imalipira kuti ophunzira ake awerenge. Zili ngati kulima chimanga, kukachisiya kuchigayo kwaulere, mawa n'kukagula ufa wanu womwe.

Madandaulo atachuluka kunabwera Open Access: wowerenga asalipire, ndipo chilolezo cha CC BY chimalola aliyense kukopera ndi kugawa, bola atchule mwini wake. Zikomo kwambiri. Koma ngongoleyo sinafe, inangosamukira kwa mlembi. Mu 2021 magazini ya Nature inayamba kulipiritsa mayuro 9,500 pa nkhani imodzi yotsegulira onse.

Kwathu kuno timapumira pa Hinari, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002 kuti mayiko osauka aziwerenga zaumoyo kwaulere. Chiphaso cholowera ndi umphawi wa dziko lanu, ndiye chuma chikayamba kukwera, a laibulale ayambiretu kusonkha.