Mwana wa ng'ona ndi injini ya alamu anga

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambi umenewu amaukonda kwambiri ndi anthu amene amanga kale katundu: mnyamata amene wadula tikiti ya basi ya ku Joni, mphunzitsi amene watopa ndi sukulu ya kumudzi, komanso phungu amene wayamba kuoneka pamisonkhano ya chipani china atavala nsalu ya mtundu wachilendo. Ine mwambiwu ndinalibe nawo chifukwa mpaka tsiku limene alamu anga a ku Mangochi anaunenera injini.

Alamuwo ali ndi boti la matabwa lophera usipa, ndipo kumbuyo kwake kwakhala Yamaha Enduro ya hosipawa 40 kwa zaka zambirimbiri. Ndi injini ija yoliza ndi chingwe, yomwa petulo wosakaniza ndi oyilo, lita imodzi ya oyilo pa malita 50 a petulo. Usipa utayamba kuvuta, mafuta nawo n'kukwera mtengo, alamu anaganiza zoti ndalama zili mwa alendo odzaona nyanja. Anagula pontuni yakale kwa mwini loji ina imene inkatsekedwa. Kwa inu amene simunaionepo, pontuni ndi mapaipi awiri aakulu otseka mbali zonse, pamwamba pake atayalapo thandala, mipando ndi kadenga. Kunena mwachidule, ndi khonde loyandama. Inatchuka ndi mlimi wina wa ku Minnesota, Ambrose Weeres, amene cha mu 1952 anawotcherera migolo yachitsulo m'mizere iwiri n'kuikapo matabwa. Ya alamu inali yokongola ndithu. Inalibe injini basi.

"Nanga injini muitenga kuti, alamu?" ndinafunsa.

"Ilipo kale," anatero akuloza boti lawo. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Chimene akuluakulu aja sanatchule n'chakuti mwana wa ng'ona amasamuka ndi miyendo yake. Injini ya hosipawa 40 imalemera makilogalamu opitirira 70, ndipo kulemera konseko kuli kumutu, ngati mwana wa sukulu yapamwamba. Ole Evinrude atayamba kugulitsa injini zotere ku Milwaukee mu 1909, yake inali ya hosipawa imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu 28. Nkhani imanenedwa yoti anaipanga chifukwa ayisikilimu amene anakagulira chibwenzi chake anasungunuka iye akupalasa bwato. Imeneyo ndiye inali mwana wa ng'ona weniweni, woti munthu n'kumunyamula paphewa. Ya alamu inali ng'ona yoti yaikira kale mazira.

Zomangira zake ziwiri zinali zitachita dzimbiri moti zinafunika oyilo, hamala ndi mawu ena amene sindingalembe pano. Kenako tinalowa m'madzi anthu anayi, madzi a m'chiuno. Ine anandipatsa mwendo wa injini, kumene kuli pulopela, chifukwa akuti anthu a m'tauni sitidziwa kunyamula koma kugwirizira. Pagombe panali patadzaza anthu, ndipo aliyense anali makaniko. Wina ankati tiigoneke chammbali, wina chagada, mayi wina wogula usipa ankati tikanayamba tapemphera. Wanzeru anali gogo mmodzi wosoka ukonde, amene anangoti, "Imangeni chingwe kaye." Nyanja yathuyi kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Ife tinali pa mita imodzi yokha, komabe injini ikamira m'madzi a mita imodzi mwini wake amalira chimodzimodzi.

Tinaikweza, tinaimanga, alamu anaombera m'manja. Mnyamata wina anakoka chingwe kawiri, kachitatu inalira.

Kulira kwake sikunali kwa masiku onse. Inakuwa ngati chigayo chopanda chimanga, kumbuyo kukuchita thovu loti n'kuchapira zovala za mudzi wonse, koma pontuni inangosuntha pang'ono ngati munthu amene akupereka malo pabenchi. Apa m'pamene makaniko weniweni, amene anali chete nthawi yonseyi akudya chinangwa, anadzuka n'kufuula kuti, "Zimitsani! Sikukodza!"

Ndinaganiza kuti akutukwana. Ayi. Injini yotere imadzizizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Imawakoka kudzera m'timabowo ta kumunsi kwa mwendo, kampira kozungulira kali mkati n'kumawakankhira kumutu, ndipo pambali pamatuluka kamtsinje kakang'ono kosonyeza kuti zonse zili bwino. Kamtsinjeko kakasiya, ndiye kuti kampira kaja kakuzungulira pouma, ndipo sikachedwa kupsa.

Makanikoyo anatulutsa tepi m'thumba, chinthu chimene palibe mmodzi wa ife anachiganizira. Anatifotokozera kuti injinizi zili ndi miyendo yosiyana: wa mainchesi 15, wa mainchesi 20 ndi wa mainchesi 25. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala, ndipo kameneko kamayenera kukhala molingana ndi pansi pa boti, kuti pulopela izigwira madzi okhaokha. Thabwa la kumbuyo kwa boti la alamu ndi lalifupi, choncho mwendo wa 15 unkakwana. Pomangira pa pontuni m'pamwamba, pofuna mwendo wa 20. Kusiyana kwake ndi mainchesi asanu, kutalika kwa bonya awiri kapena atatu, koma chifukwa cha mainchesi amenewo pulopela inkapalasa theka madzi, theka mpweya.

Nditaimirira pamenepo, buluku lili chonyowa, ndinakumbukira anthu angapo amene ndinagwirapo nawo ntchito. Munthu amakhoza bwino pamalo ena, akuluakulu n'kuona kuti ndi injini yamphamvu, ndiye amamuzula n'kukamumangirira pa dipatimenti ina osayeza mwendo. Mphamvu imakhalapo yonse, hosipawa 40 osachotsera. Misonkhano m'mawa ndi madzulo, mamemo, magulu a WhatsApp atatu, thovu lokhalokha. Koma mukayang'ana mtengo wa pagombe mupeza kuti mudakali pomwe munali. Munthuyo sanalakwe. Anangomuika pamene sagwira madzi, ndipo palibe amene amafuula kuti zimitsani, chifukwa phokoso limamveka ngati ntchito.

Alamu si munthu wogonja ndi tepi. Anati ngati mwendo sukufika pamadzi, madzi afike pamwendo. Anatiuza tonse asanu ndi atatu kuti tikaunjikane kumbuyo. Pontuni inatukula mphuno, kumbuyo kunatsika, pulopela inamira, injini inayamba kukodza, ndipo tinanyamukadi. Alamu anandiyang'ana ndi maso a munthu amene wapambana mlandu kwa amfumu. Ine ndinangofunsa kuti mlendo wochokera ku London, amene walipira madola kuti aone nkhwazi, adzavomera bwanji kukhala chopanikizana ndi anzake asanu ndi awiri pafupi ndi utsi, mipando yonse ya kutsogolo ili yopanda anthu. Anati zimenezo tidzaona.

Za pulopela makaniko ananenanso kuti si ya pontuni, chifukwa khonde loyandama limafuna yokankha pang'onopang'ono mwamphamvu, monga giya imene wakabaza amaika pokwera chitunda. Palibe anamumvera. Maso onse anali pa chiwongolero.

Pontuniyo ili ndi chiwongolero chonga cha galimoto pakati pake, chokhala ndi mpando wa kaputeni. Injini ya alamu imawongoleredwa ndi ndodo yake yogwira ndi dzanja. Mawaya a chiwongolero anangofika kumbuyo n'kulendewera opanda pogwira. Ndiye alamu anakhala pampando uja atavala chipewa choyera, akupotoza chiwongolero uku ndi uku, mwana wawo akuwajambula pa foni, pamene mnyamata wa zaka 17 ananjuta kumbuyo akuyendetsa boti lonse. Alamu akapotoza kumanja, mnyamata ankaona kaye ngati n'koyenera. Sindinena zambiri pamenepa. Aliyense amene analowapo mu ofesi amamudziwa wa chipewa, ndipo amamudziwanso wonjuta kumbuyo.

Munali mu June, mwezi wa mwera. Boti la matabwa limakhala m'madzi ndipo mphepo imalipeza pang'ono. Pontuni imakhala pamwamba, kadenga kake n'kumagwira mphepo ngati thanga. Titangotuluka pang'ono, kamwana ka alamu kanathamangira kutsogolo kukaona nsomba, mayi ake n'kukatsatira, azakhali ake n'kutsatira mayiwo. Kumbuyo kunakwera, injini inakuwa, kukodza kunasiya, ndipo ulendo uno kampira kanapsadi. Mwera unatitenga mwaulemu, osafulumira, n'kukatisiya m'bango.

M'bango ndi mmene mumakhala eni mwambi. Palibe amene anatchula dzina lawo, koma aliyense anabweza mapazi pakati pa thandala, ndipo alamu anavula chipewa. Nkhafi tinalibe, poti pontuni ya alendo ingayende bwanji ndi nkhafi? Tinakokedwa ndi anyamata awiri a mabwato ogoba, amene anatilipiritsa mtengo wa alendo.

M'mawa mwake tinalowanso m'madzi anthu anayi omwe aja, ine kumwendo. Makaniko anaika kampira katsopano, ndipo usiku womwewo injini inapita kukapha usipa pa boti lake lakale, ikukodza bwinobwino. Alamu akufunabe ya mwendo wa mainchesi 20 yotsika mtengo, ndipo tsopano amayenda ndi tepi m'thumba. Pontuni ili pagombe pansi pa mtengo. Kadenga anakachotsa, ndipo alongo anga akuyanikapo usipa. Akuti umauma msanga kuposa pa thandala la bango.