Chibonga cha Babe Ruth ndi Phazi la Kinnah

Madzulo ena a mwezi wa June, chisanu cha ku Mayani chitatsika m'mapiri, agogo, amene anali mkulu wa mpingo zaka zambiri, anali kuwotha moto pamodzi ndi mdzukulu wawo wochokera kusukulu ya ukachenjede ku Zomba.

AGOGO: Iwe mdzukulu wanga, chifikire dzana maso ako sanachoke pa foni yakoyo, ngakhale kachewere wapsa mpaka kuzizira, ngakhale azakhali ako akulonjera kawiri, tandiuza, yagona ndi mfumu yanji kuti ukhale ndwii chotere?

MDZUKULU: Pepani agogo, si maliro ayi. Ndikuwerenga mbiri ya Babe Ruth, katswiri wa masewera a baseball, amene anabadwira ku Baltimore, ku America, mu 1895. M'masewerawo wina amaponya kampira kolimba, mnzake nakamenya ndi chibonga, ndipo kakadumpha mpanda wa bwalo, womenyayo amazungulira malo anayi popanda womletsa, timu yake nipeza chigoli. Chimenecho amati home run, ndipo Ruth anachita zotere ka 714.

AGOGO: Ha! Munthu wamkulu wathunthu kutaya mpira wa anzake kunja kwa bwalo ka 714, anthu namuombera m'manja! Pasukulu ya mishoni pamene ndinaphunzira ine, wotayira mpira kuthengo ankakautola yekha, minga imlase isamlase, ndipo akabwera chimanjamanja ankakumana ndi chikoti cha aphunzitsi. Kodi mwana ameneyu anali ndi makolo?

MDZUKULU: Anali nawo, koma anawakanika, kotero kuti ali ndi zaka 7 anakamsiya kusukulu ya St. Mary's, kumene Brother Matthias anamphunzitsa masewerawo. Anayamba monga woponya ku Boston Red Sox mu 1914, koma kumapeto kwa 1919 mwini timu anamgulitsa ku New York Yankees pa mtengo wa madola 100,000. Kumeneko anamenya 60 m'chaka chimodzi cha 1927, pamene a Boston, amene anatenga chikho mu 1918, sanachikhudzenso kufikira 2004.

AGOGO: Tsopano wanena zogwira mtima, pakuti akulu anati ukaipa dziwa nyimbo; ndipo mlandu umenewu ndiudziwa kale, chifukwa ana a Yakobo nawonso, atagulitsa mbale wawo kwa amalonda a pa ulendo, anadzaona njala itakhala pakhomo pawo, kungoti yawoyo inali ya zaka zisanu ndi ziwiri, pamene a Boston anaisenza zaka 86. Koma ndikufunse, iwe wodziwa za tsidya la nyanja: zigoli za Kinnah Phiri n'zingati?

MDZUKULU: Kinnah, mphunzitsi uja anapita ndi Flames ku Angola mu 2010, ulendo tinachinya Algeria 3-0 uja? Kodi nayenso ankasewera?

AGOGO: Mayo ine, mbuzi zanga zimene ndinagulitsa kuti uphunzire zinapita pachabe! Tchera khutu. M'masiku amenewo, amako asanathe msinkhu, timu ya Bullets ikutchedwabe Bata Bullets chifukwa cha kampani ya nsapato, panauka mnyamata amene anthu anamutcha Electric, amene akalandira mpira pafupi ndi golo, wapagolo ankayamba kulapa machimo ake. Ndipo iyeyu anachinyira dziko lino zigoli 71, chiwerengero chimene kufikira lero palibe mwana wa Malawi wachifika. Mu 1978, mpikisano wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa utachitikira kuno kwathu, tinagonjetsa Zambia 3-2 pa ndime yotsiriza. Ndipo chaka chotsatira, kuti anthu asanene kuti galu amaopsa pakhomo pake pokha, tinapita ku Kenya, tinakachinya eni mudzi 3-2, ndi kubwera nacho chikhocho kachiwiri.

MDZUKULU: Zoona agogo, komatu 71 ndi 714 n'zotalikirana.

AGOGO: Masamu a m'tauni amenewo! Wakoyo ankamenya ataima chilili, chida chili m'manja, popanda womkankha kapena womtchera mwendo, pamene Kinnah ankathamanga mphindi 90 ali pakati pa adani khumi ndi mmodzi. Nanga sankaphonya munthu wakoyo?

MDZUKULU: Ankaphonya ndithu, anatulutsidwa ka 1,330 chifukwa cholephera kumenya. Ndiponso mu 1974 Hank Aaron, munthu wakuda, anampitirira, nadzafika pa 755.

AGOGO: Waona tsono! Mpando wa wakoyo analanda ena, wa Kinnah ukadali wake. Komabe pa kuphonyako sindimuweruza, pakuti mlenje woumira mivi amagona ndi njala, ndipo Kinnah nayenso masiku ena ankatumiza mpira kwa mbalame. Sanalinso yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga: kumbuyo kunali Jack Chamangwana, ndipo wowaphunzitsa anali Mngelezi Ted Powell. Pambuyo pake Kinnah anapita ku Swaziland kukasewera Manzini Wanderers, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

MDZUKULU: Mukumdziwa bwino zedi. Munakamuonera kangati pa Kamuzu Stadium?

AGOGO (akusonkhezera moto): Ku Blantyre n'kutali, mwana iwe, ndipo ndalama ya basi inali ya feteleza. Ife tinkamuonera pakhonde la sitolo pompano pa Mayani, mudzi wonse utazinga wailesi imodzi ya Nzeru, mabatire titawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asatisiye pa theka lachiwiri.

MDZUKULU: Kuonera pa wailesi, agogo? Ndiye kuti simunamuonepo!

AGOGO: Nanga iwe Tomasi, Ruth wakoyo anamwalira liti?

MDZUKULU: Mu 1948.

AGOGO: Tsono unakhala mpando uti pabwalo la ku New York? Tonse awiri tikuchitira umboni zakumva. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe wawerenga zitazizira, ukudziwa kale mathero ake, pamene ife tinkamva mpira ukali m'mwamba, woulutsa wa MBC mawu atamthera, osadziwa ngati tigona tikuimba kapena tikudandaula.

MDZUKULU: Ndagonja, agogo. Lolani ndifufuze pa intaneti, kapena pali kanema wake, kuti lero mumuone ndi maso.

AGOGO: Usayerekeze! Chigoli china chimene ndinamva, Kinnah anachimenya ali pafupi ndi mzere wa pakati. Pamene amako ankakwatiwa n'kuti atafika pamzere penipeni, ndipo chaka chatha, ndikufotokozera abusa, anali atabwerera kale m'chigawo chathu. Zaka zonsezi ndakhala ndikumsunthira m'mbuyo ndi thukuta langa, ndipo sindilola kanema wa dzulodzuloli kudzambwezera pafupi ndi golo.